Thukuta la M'munda wa Eni

Pakati pa anthu onse ofunafuna chuma, mlimi ndiye amene sitichedwa kumukhulupirira. Wamalonda akalemera timakayikira sikelo yake, wandale akamanga nyumba timanong'onezana, koma munthu amene walawira m'mamawa ndi khasu paphewa, waswa mphanje mpaka zikhatho kuchita matuza, tonse timavomera kuti chimene wapeza n'chake. Thukuta timaliona ngati madzi otsuka, ndipo kawirikawiri sitifunsanso kuti lagwera pa nthaka ya yani. Funso limeneli ndi limene ndikufuna kuti tisinkhesinkhe m'nkhani ino. Kodi munthu wosauka, wakhama, wosakonda ndewu, akalima pa malo amene eni ake achotsedwapo mokakamiza, malowo amasanduka ake chifukwa chakuti wavutikirapo? Nanga ngati sasanduka ake, mlandu wa munthuyo ndi waukulu bwanji?

Mafunso otere savuta kuyankha akakhala m'malere. Amavuta tikawaveka nkhope ya munthu. N'chifukwa chake ndasankha munthu mmodzi, Charles Ingalls, mlimi wa ku America amene anabadwa mu 1836 ku Cuba, m'chigawo cha New York, ndipo anamwalira mu 1902 ku De Smet, m'chigawo cha South Dakota. Iyeyu sanali mfumu, mkulu wa asilikali kapena mpondamatiki. Timamudziwa chifukwa mwana wake, Laura Ingalls Wilder, atakalamba analemba mabuku a ana ofotokoza ubwana wake, kuyambira mu 1932. Lotchuka kwambiri ndi Little House on the Prairie la mu 1935, limene dzina lake linaperekedwanso ku sewero la pa wailesi yakanema loonetsedwa kuyambira 1974 mpaka 1983. Kwa anthu miyandamiyanda, Charles ndi chithunzi cha bambo wabwino: wolimbikira ntchito, wokonda ana ake, woyimba vayolini madzulo banja lili pamoto.

Kuti timvetse moyo wake tiyenera kudziwa nyengo imene anakhalamo. M'zaka za m'ma 1800 dziko la United States linkakula cholowera kumadzulo, ndipo boma linkafuna anthu oti akadzaze zidikha zikuluzikulu za udzu za m'katikati mwa dzikolo. Pa 20 Meyi 1862 pulezidenti Abraham Lincoln anasaina lamulo lotchedwa Homestead Act. Lamuloli linkati munthu wa zaka 21, kapena mutu wa banja, angathe kutenga maekala 160, amene ndi mahekitala pafupifupi 65, polipira madola 18 okha a kalembera. Akamangapo nyumba, kulimapo ndi kukhalapo zaka zisanu, malowo ankakhala ake mpaka kalekale. Kudzera m'lamuloli boma linagawa maekala pafupifupi 270 miliyoni, amene ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a dziko lonselo. Kwa wosauka wopanda munda, uwu unali uthenga wokoma kuposa wina uliwonse. Koma chimene boma linkagawa mowolowa manja chonchi linachita kutenga kwa ena.

Mu 1869 Charles, mkazi wake Caroline ndi ana awo aakazi awiri, Mary ndi Laura, anafika pa ngolo ku Kansas, atagulitsa munda wawo wa ku Pepin, m'chigawo cha Wisconsin. Anaima pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20 kuchokera ku tauni yatsopano ya Independence. Charles anagwetsa mitengo, anamanga nyumba ya zipika zosanjikiza, anakumba chitsime ndi manja, n'kuyamba kuswa mphanje. Banja lonse linadwala malungo, ndipo amene analichiza anali dokotala wachikuda, George Tann. Mwana wachitatu, Carrie, anabadwira pomwepo mu Ogasiti 1870. Khama lonseli n'loona ndipo palibe angalitsutse. Chimene sichiyenera kubisika n'chakuti malo amenewa sanali m'gulu la malo ogawidwa ndi lamulo lija. Anali a anthu a mtundu wa Osage, ndipo ngakhale malamulo a boma la America ankavomereza zimenezo.

A Osage anali mtundu wamphamvu umene kale unkalamulira dera lalikulu la Missouri, Arkansas, Kansas ndi Oklahoma. Mapangano a mu 1808 ndi 1825 anawatayitsa mbali yaikulu ya dzikolo, ndipo pangano la mu 1825 linawasiyira chigawo cha kummwera kwa Kansas, ndi lonjezo lakuti malowo ndi awo kwa nthawi yonse imene iwo angafune kukhalapo. Mu 1865 malowo anachepetsedwanso. Pa kotsalako m'pamene azungu zikwizikwi anakhamukira, atamva mphekesera zoti boma lichotsa eni ake posachedwa. Aliyense ankafuna kufika msanga kuti asankhe pachonde. A Osage ankachoka m'midzi yawo kawiri pachaka kupita kumadzulo kukasaka njati, ndipo pobwera ankapeza mitengo yawo itadulidwa, chimanga chawo chitatapidwa, ndiponso alendo atamanga pa minda yawo.

Mapeto ake anali odziwikiratu. Mu Julayi 1870 nyumba ya malamulo ya Congress inagamula kuti a Osage asamuke, ndipo malo awo agulitsidwe kwa azungu pa mtengo wa dola imodzi ndi masenti 25 pa ekala. Mu Seputembala chaka chomwecho iwo anavomera, pakuti panalibenso pothawira. Anasamukira kudera limene lero ndi Oklahoma, pa malo amene anachita kugula kwa a Cherokee, ndipo ambiri a iwo anafa ndi matenda ndi njala m'zaka zotsatira. Chodabwitsa n'chakuti Charles sanadye nawo. Maekala 160 pa mtengo umenewo anali madola 200, ndipo munthu amene anagula munda wake wa ku Wisconsin analephera kumaliza kulipira. Mu 1871 anamanga ngolo n'kubwerera kumene anachokera. Onse anachoka, mlendo ndi mwinimudzi, koma mlendoyo anasiya nyumba ya zaka ziwiri pamene enawo anasiya manda a makolo awo.

Oikira kumbuyo anthu ngati Charles ali ndi mfundo imene si yopepuka. Katswiri wa nzeru zakuya wa ku England, John Locke, m'buku lake la zaulamuliro la mu 1689, anaphunzitsa kuti poyamba dziko linali la anthu onse, koma munthu aliyense ndi mwini wa thupi lake ndi wa ntchito ya manja ake. Kotero akasakaniza ntchito yakeyo ndi nthaka imene inangogona, nthakayo imakhala yake. Kwa Locke malo osalimidwa anali ngati malo otayika, ndipo America ndiye anali chitsanzo chake chachikulu. Maganizo amenewa anawoloka nyanja n'kukhazikika m'mitima ya alimi amene dzina la Locke sanalimvepo. Iwo ankadziona ngati anthu a khasu, enawo ngati ongoyendayenda, ndipo ankakhulupirira kuti Mulungu sangakondwe kuona nthaka yachonde ikugona pamene ana awo akugona ndi njala.

Ndikuvomera kuti m'mfundo imeneyi muli choonadi china, pakuti nafenso timanyoza ulesi ndipo timalemekeza wolima. Komabe ine ndikuona kuti mfundoyi ikugwa pa zifukwa zitatu. Choyamba, si zoona kuti a Osage sankalima. Amayi awo ankadzala chimanga, nyemba ndi maungu, ndipo ankasunga zokolola kuti adzadye pobwera kosaka. Ndipotu chimanga chimene ife timaphikira nsima, n'kumachitcha moyo, chinachokera kwa mbadwa za ku America. Anthu a kummwera kwa Mexico ndi amene anachiweta kuchoka ku udzu wakutchire zaka pafupifupi 9,000 zapitazo, ndipo chinafika kuno kwathu ku Africa zombo za azungu zitayamba kuwoloka nyanja ya Atlantic. Anthu amene anapatsa dziko lonse chimanga sanganenedwe kuti sadziwa ntchito ya nthaka.

Chachiwiri, malo osagwa khasu si malo opanda mwini. Aliyense wokulira kumudzi akudziwa kuti tsala lili ndi mwini wake ngakhale litamera tchire lofika m'khosi. Dambo lodyetsera ziweto, nkhalango yotolamo nkhuni ndi mankhwala, msitu wa kumanda, zonsezi sizilimidwa, koma yesani kukhomapo chikhomo muone ngati mudzi sudzuka. Kwa mitundu ya m'zidikha za ku America, udzu umene mlendo ankauona ngati thengo unali nkhokwe, chifukwa ndi umene unkadyetsa njati, ndipo njati ndi zimene zinkawapatsa nyama, zovala ndi zikopa za mahema. Locke mwiniwake anaika malire pa chiphunzitso chake: munthu atenge, koma pakhale potsala pokwanira ena ndiponso pabwino chimodzimodzi. Njati zimene kale zinali mamiliyoni makumimakumi zinatsala pafupifupi 1,000 pofika mu 1889. Apa n'zoonekeratu kuti enawo sanatsaliridwe kanthu.

Chachitatu, ndipo ichi ndicho chondikhudza kwambiri, lamulo lakuti thukuta limapereka umwini linkagwira ntchito mosankha nkhope. Akapolo achikuda analima fodya, mpunga ndi thonje ku America kwa zaka pafupifupi 250. Thukuta likanakhala kuti limagula nthaka, minda yonse ya kummwera kwa dzikolo ikanakhala yawo. Mu Januwale 1865 mkulu wa asilikali William Sherman analamula kuti mabanja a akapolo omasulidwa apatsidwe maekala 40 lililonse m'mphepete mwa nyanja ku South Carolina, Georgia ndi Florida, koma chaka chisanathe pulezidenti Andrew Johnson anabweza malo ambiriwo kwa eni akapolo aja. Mfundo imene imadzuka pamene ikukomera wamphamvu, n'kugona pamene ikukomera wofooka, imeneyo ndi chofunda chobisira dyera basi.

Kodi ndiye kuti thukuta lilibe mphotho? Lili nayo, koma mphotho yake ndi zokolola. Makolo athu anasiyanitsa bwino zinthu ziwirizi. Munthu akabwereka munda, chimanga chimene walima n'chake, ndipo mwinimunda akachithyola ndiye wapalamula. Koma mundawo sukhala wa wobwereka, ngakhale atazula zitsa zingati. Ntchito imapatsa munthu ufulu pa chimene ntchitoyo yabala, ndipo nthaka sinabalidwe ndi ntchito ya munthu aliyense. Ufulu wokhala pa nthaka umachokera kwina: ku chilolezo cha anthu amene munawapeza, ku mgwirizano umene onse aulowa popanda mfuti patebulo. Chitsime chimene Charles anakumba chinali ntchito ya manja ake, koma madzi ndi dothi lozungulira chitsimecho zinali ndi eni ake iye asanabwere.

Tsono tisathamangire kuweruza tisanamve moyo wake wonse. Mu 1874 banjali linasamukira ku Walnut Grove, m'chigawo cha Minnesota, kumene poyamba linakhala m'nyumba yokumbidwa m'gombe la mtsinje wa Plum Creek. Charles anadzala tirigu, ndipo podalira zokolola anamanga nyumba ya matabwa a ngongole. Mu 1875, tirigu atatsala pang'ono kucha, kunagwa dzombe lochokera ku mapiri a Rocky, lochuluka mpaka kuphimba dzuwa. M'masiku ochepa munda unasanduka bwalo. Dzombelo linaikira mazira m'nthaka, ndipo chaka chotsatira linasesanso. Charles anayenda wapansi makilomita oposa 300 kukafuna ganyu yokolola m'minda ya ena, ndipo anafika pokalumbira kwa akuluakulu a boma kuti alibe kalikonse, kuti alandire ufa wa chithandizo. Mu Ogasiti 1876 mwana wawo yekhayo wamwamuna, Freddie, anamwalira ali ndi miyezi 9.

Anayesa ntchito ya pahotela ku Burr Oak, m'chigawo cha Iowa, koma zinakanika, ndipo Laura mwiniwake anasimba m'zolemba za moyo wake kuti anachokako usiku ali ndi ngongole ya lendi. Mu 1879 Mary anachita khungu ali ndi zaka 14. Chaka chomwecho Charles anapeza ntchito ya ukalaliki kwa omanga njanji ku Dakota, ndipo mu 1880 analembetsa maekala ake 160 pafupi ndi De Smet. Nyengo yozizira yotsatira inali yoopsa zedi. Chipale chinakwirira njanji, sitima inaleka kufika mpaka Meyi 1881, ndipo banjali linkapera tirigu m'kachigayo ka khofi ndi kupota udzu wouma kuti lipeze chosonkhera moto. Mu 1886 analandira umwini wa munda uja, koma chaka chotsatira anasamukira m'tauni n'kumadalira luso lake la ukalipentala. Patapita zaka zochepa mundawo anaugulitsa, ndipo anamwalira wosalemera.

Ndikawerenga mbiri imeneyi mtima umandipweteka, ndipo sindikhulupirira munthu amene angaiwerenge osamva kanthu. Aliyense amene anaonapo munda utawonongeka mbewu zitatsala pang'ono kucha akudziwa zimene Charles anamva ataima pakati pa ziputu za tirigu wake. Komabe kuvutika ndi umwini ndi nkhani ziwiri zosiyana. Munthu akatenga ng'ombe ya mwini, n'kuyenda nayo usiku wonse m'minga, ng'ombeyo n'kumuponda mpaka kumuthyola mwendo, pabwalo tidzamumvera chisoni chifukwa cha mwendowo, koma ng'ombe idzabwerera kukhola kwa mwini wake. Dzombe silinatumidwe ndi a Osage, ndipo misozi ya Caroline pa imfa ya mwana wake sinafike m'manja mwa mayi wa Chiosage amene nayenso anaika mwana wake m'dziko lachilendo.

Kunena kuti nthaka sinali yake sikutanthauza kuti mtolo wonse tiusenzetse iye. Taonani chaka cha 1862 chomwe chija. Mu Ogasiti a Dakota a ku Minnesota, amene anali atapanikizidwa pa kamzere ka malo m'mbali mwa mtsinje, anaukira, ndalama ndi chakudya zimene boma linawalonjeza zitachedwa ana awo ali ndi njala. Azungu mazanamazana anaphedwa, ambiri a iwo alimi wamba ndi mabanja awo. Khoti la asilikali linagamula kuti a Dakota 303 aphedwe. Lincoln anachepetsa chiwerengerocho, ndipo pa 26 Disembala amuna 38 ananyongedwa tsiku limodzi ku Mankato. Chaka chotsatira mtunduwo unathamangitsidwa ku Minnesota. Dzanja limene linasaina lamulo logawa minda mu Meyi ndi lomwelo linavomereza kunyonga mu Disembala, ndipo munda wa Charles wa ku Walnut Grove unali m'dera limene linayeretsedwa mwa njira imeneyi.

Amene anadya mnofu anali boma, ogula malo kuti adzagulitse modula, ndi makampani a njanji, amene boma linawapatsa maekala pafupifupi 130 miliyoni. Mlimi wosauka ankaikidwa patsogolo ngati nsonga ya mkondo. Akalowa pa malo oletsedwa boma nthawi zambiri linkatsinzina, ndipo mkangano ukabuka linkabwera ndi pepala la pangano latsopano kapena ndi asilikali, ponena kuti likuteteza nzika zake. Mkwiyo wa eni nthaka unkagwera iye, dzombe ndi chilala zinkagwera iye, koma phindu lalikulu linkapita kwa anthu amene sanagwirepo khasu. Ndimachita chidwi kuti m'chinenero chathu mawu akuti mtsamunda ali ndi munda m'kati mwake. Mfuti imatha kugonjetsa dziko, koma chimene chimachititsa kuti lisabwererenso kwa eni ake ndi munda, mpanda ndi mwana wobadwira pamalopo.

Kotero ine ndimaona magulu atatu a anthu pa mlandu wotere. Pali wokonza chiwembu, pali wolowa nawo akudziwa, ndipo pali wofika zinthu zitachitika kale n'kudya zotsala. Ku Kansas Charles anali m'gulu lachiwiri. Ngakhale buku la mwana wake, limene linalembedwa ndi chikondi chachikulu, limasonyeza kuti iye ankadziwa kuti ali m'dziko la eni, ndipo ankayembekezera kuti boma liwakankhira kumadzulo. Apa sitingamuyeretse. Ku Minnesota ndi ku Dakota anali m'gulu lachitatu, pakuti anatsata lamulo, analembetsa ku ofesi, analipira zoyenera. Mlandu wake kumeneko ndi wopepukirapo. Komabe lamulo ndi chilungamo si mapasa. Wogula nyama ya mbuzi pa mtengo wozizira modabwitsa, iye akudziwa kuti m'mudzi muli khola lothyoledwa, sitimutcha wakuba, komanso sitimutcha wosadziwa kanthu.

Ena adzati n'kulakwa kuyeza anthu akale ndi muyeso wa lero. Ndikanavomera zikanakhala kuti pa nthawiyo panalibe woona cholakwacho, koma analipo. Bishopu Henry Whipple wa ku Minnesota anapita kwa Lincoln mu 1862 kukafotokoza chinyengo chimene chinabala nkhondo ya a Dakota. Isaac Gibson, amene ankaimira boma pakati pa a Osage kuyambira mu 1869, analemba madandaulo onena za nkhanza za olowerera. Mu 1879 mfumu ya a Ponca, Standing Bear, inamangidwa chifukwa chobwerera kwawo ku Nebraska kukaika maliro a mwana wake, ndipo woweruza Elmer Dundy anagamula kuti mbadwa ya dzikolo ndi munthu pamaso pa lamulo. Mu 1881 Helen Hunt Jackson anatulutsa buku lakuti A Century of Dishonor, londandalika mapangano oswedwa. Kuwonjezera apo, eni nthaka enieniwo anali anthu a nthawi yomweyo, ndipo iwo sankakayika kuti akulakwiridwa. Muyesowo unalipo kale, kungoti ambiri sankafuna kuugwiritsa ntchito.

Enanso adzati palibe mtundu pa dziko lapansi umene sunasunthepo unzake. N'zoona, ndipo a Osage enieniwo m'zaka za m'ma 1700 anakankha a Caddo ndi a Wichita pa nkhondo. Sindikufuna kuwasandutsa angelo, chifukwa munthu sayenera kukhala mngelo kuti asalandidwe chake. Koma tikavomera kuti mphamvu ndiyo imapereka umwini, ndiye kuti mdzukulu wa mlimi uja alibe podandaulira tsiku limene wamphamvu kuposa iye adzagogode pakhomo pake. Paja chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Komanso pa nkhani ya ku Kansas panali chinthu china choposa nkhondo wamba ya mitundu: panali lonjezo lolembedwa ndi boma limene linkadzitama kuti limayendera malamulo. Kuswa lonjezo kunali kulakwa mu 1870 monga momwe kulili lero.

Chitsanzo chondisautsa kwambiri ndi cha mudzi wa Nicodemus ku Kansas komweko, umene unakhazikitsidwa mu 1877 ndi anthu achikuda, ambiri a iwo ochokera ku Kentucky, amene kale anali akapolo. Mu 1879 anzawo zikwizikwi anathawa nkhanza za kummwera kulowera ku Kansas. Awanso anakumba nyumba m'nthaka, anaswa mphanje, ndipo kwa nthawi yoyamba analima munda wotchedwa wawo. Ndani angawaloze chala? Komatu nthaka imene anapezapo ufulu inali yomweyo imene mitundu ina inachotsedwapo. Apa ndimaphunzirapo kuti munthu angathe kukhala wolakwiridwa, n'kuponda pa bala la mnzake osafuna. Dongosolo loipa limachita kuika osauka awiri pa mphasa imodzi yaing'ono, kuti wina akafuna kugona, mnzake agwere pansi.

Kwa ife okonda kulemba, nkhaniyi ili ndi phunziro lina. Laura ankakonda bambo ake, ndipo m'mabuku a ana aja anasiya imfa ya Freddie, ulendo wa usiku wa ku Burr Oak ndi ufa wa chithandizo. Anajambula banja loima palokha, losadalira munthu, chonsecho munda unachokera ku boma, njanji inamangidwa ndi thandizo la boma, ndipo sukulu ya akhungu ya ku Iowa imene Mary anaphunzirako inkalipiridwa ndi boma la Dakota. Mu 2018 bungwe la oyang'anira malaibulale a ana ku America linachotsa dzina lake pa mphotho ina ya mabuku chifukwa cha momwe anaonetsera mbadwa za dzikolo ndi anthu achikuda. Ine sindikuti mabukuwo atayidwe, chifukwa muli umboni weniweni wa moyo wa osauka. Ndikuti awerengedwe pamodzi ndi mawu a amene ankaonera nyumba ija ali kunja. Mlembi amene akusimba za makolo ake ayenera kufunsa kuti pakhomo paja panadutsanso ndani amene sanapatsidwe mpata wolankhula.

Nanga ana ndi zidzukulu? Ine sindikhulupirira kuti tchimo limayenda m'magazi. Mwana wobadwira ku Kansas lero sanathamangitse munthu, ndipo kumeneko n'kwawo, alibe kwina. Koma wolandira chuma cha masiye amalandiranso ngongole za malemu, ndipo akuluakulu anati mlandu suwola. Mu 1980 khoti lalikulu la America linavomera kuti mapiri a Black Hills analandidwa kwa a Sioux mu 1877 mosemphana ndi pangano la mu 1868, ndipo linagamula chipukutamisozi choposa madola 100 miliyoni. A Sioux anakana ndalamazo, ngakhale zinakula ndi chiwongoladzanja mpaka kupitirira biliyoni imodzi, ponena kuti malowo sanali ogulitsa. Mu 2011 boma linavomera kulipira a Osage madola 380 miliyoni chifukwa chosayendetsa bwino chuma chawo. Mu 2016 mtunduwo unagula maekala 43,000 ku Oklahoma kwa mpondamatiki Ted Turner pa mtengo wa madola 74 miliyoni, ndipo unabwezeretsapo njati. Zimenezi sizidzutsa akufa, koma zikusonyeza kuti mlandu ukavomerezedwa pamakhala poyambira.

Chigamulo changa pa Charles Ingalls n'chakuti anali bambo wabwino, mlimi wakhama, ndiponso munthu amene pa nthawi ina anamanga pa malo a eni akudziwa. Zitatuzi n'zoona pamodzi, ndipo palibe chimene chikufafaniza chinzake. N'chifukwa chake nkhani yake imandiopsa kuposa ya munthu wankhanza, pakuti wankhanza tonse timamuzindikira, koma zoipa zikuluzikulu za m'mbiri zakhala zikusenzedwa ndi anthu wamba amene ankangofunira ana awo chakudya. Mwambo wathu sukana mlendo. Timadziwa kuti mlendo amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo wofuna malo timamutengera kwa amfumu, amene amamulozera poti alime. Chimene timafuna kwa iye ndi mawu amodzi aafupi asanaponde pakhomo. Charles anali ndi nkhwangwa, khasu, mphamvu ndi chipiriro chodabwitsa, koma iye ndi boma lake sananene odi kwa anthu amene anawapeza. Munthu wofuna kuswa mphanje, kulikonse kumene ali, ayambe wafunsa kuti tsala limeneli n'la yani, ndipo adikire yankho.